Bungwe loona za ziyankhulo za ku India: mafunso ndi mayankho

Anthu amene anapitako ku India kukaphunzira, komanso amene amatsata nkhani za ziyankhulo ndi maphunziro, amafunsa kawirikawiri za bungwe la Central Institute of Indian Languages. Pano tasonkhanitsa mafunso amene amabwerezedwa kwambiri. Tayamba ndi osavuta, ofuna kufotokoza mozama ali kumunsi.

Kodi Central Institute of Indian Languages ndi chiyani?

Ndi bungwe la boma la India lomwe ntchito yake ndi kufufuza, kuphunzitsa ndi kutukula ziyankhulo za m'dzikomo. Ambiri amangolitchula mwachidule kuti CIIL, ndipo dzina lake m'Chihindi ndi Bharatiya Bhasha Sansthan. Linakhazikitsidwa pa 17 Julayi 1969 ndipo lili pansi pa unduna wa zamaphunziro. Mkulu wake woyamba anali D. P. Pattanayak, katswiri wa ziyankhulo wochokera ku Odisha, yemwe ankalimbikira kunena kuti mwana ayambe sukulu m'chiyankhulo chimene amayankhula kunyumba.

Ntchito zake zikuluzikulu ndi kulangiza boma pa nkhani za ziyankhulo, kuphunzitsa aphunzitsi a sukulu ziyankhulo zomwe si zakwawo, ndi kulemba ziyankhulo za mitundu ing'onoing'ono zomwe zinalibe mabuku. Ntchito zina, monga yomasulira mabuku ndi ya makompyuta, zinabwera pambuyo pake.

Lili kuti?

Likulu lake lili mumzinda wa Mysuru, m'chigawo cha Karnataka kummwera kwa India, mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchoka ku Bengaluru. Mabuku akale amalemba kuti Mysore, poti dzinali linasinthidwa kalembedwe mu 2014. Nyumba za bungweli zili pamalo otchedwa Manasagangotri, pomwenso pali University of Mysore. Lilinso ndi nthambi m'mizinda ina, ndipo tazitchula pa funso la maphunziro a aphunzitsi.

Kodi Amwenye onse sayankhula chiyankhulo chimodzi?

Ayi. Kwathu kuno timangoti "Chimwenye", koma chiyankhulo cha dzina limeneli kulibe. Amwenye ambiri amene timawaona ku Limbe ndi ku Lilongwe makolo awo anachokera cha ku Gujarat, choncho chimene timamva akuyankhula m'sitolo nthawi zambiri chimakhala Chigujarati kapena ziyankhulo zoyandikana nacho. Munthu wa ku Chennai, woyankhula Chitamil, atalowa m'sitolomo sangatolepo kanthu.

Tengani ndalama yapepala ya rupee n'kuitembenuza. Kumbuyo kwake kuli kabokosi komwe mtengo wa ndalamayo walembedwa m'ziyankhulo 15, mzere uliwonse chiyankhulo chake, kuyambira Chiassam pamwamba mpaka Chiurdu pansi. Mukawonjezera Chihindi ndi Chingerezi zomwe zalembedwa poonekera, zikukwana 17 papepala limodzi. Mizere ina zilembo zake zalendewera kunsi kwa kamzera ngati zovala pa chingwe, ina ndi zozungulirazungulira, ndipo womalizawo umawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere.

Nanga ziyankhulo zonse zilipo zingati?

Yankho limadalira amene akuwerenga ndi momwe akuwerengera. Pa kalembera wa 2011, anthu atafunsidwa chiyankhulo chimene anayamwira, anatchula mayina 19,569. Ambiri mwa mayinawa anali a mudzi, a fuko, kapena dzina limodzimodzi lolembedwa mosiyanasiyana. Akatswiri atasefa anatsala ndi 1,369, ndipo ataziika m'magulu anapeza ziyankhulo 121 zomwe chilichonse chili ndi anthu osachepera 10,000. Kalembera wa 1961 anapeza mayina 1,652. Kale kwambiri, m'nthawi ya atsamunda, George Grierson anatsogolera kafukufuku yemwe anapeza ziyankhulo 179 ndi timagulu take 544.

Mwa ziyankhulo 121 zija, 22 zinalembedwa pa mndandanda wapadera wa m'malamulo oyendetsera dziko, wotchedwa Eighth Schedule. Poyamba mndandandawu unali ndi 14. Chisindhi chinalowa mu 1967, Chikonkani, Chimanipuri ndi Chinepali mu 1992, kenako Chibodo, Chidogri, Chimaithili ndi Chisantali kudzera m'kusintha kwa malamulo kwa 2003. Kulowa pa mndandandawu ndi nkhani yaikulu chifukwa kumatsegula khomo la ndalama za boma ndi mayeso olowera ntchito m'boma, n'chifukwa chake mitundu ina ikulimbanabe kuti ziyankhulo zawo zilowe.

Ziyankhulozi si za banja limodzi. Anthu pafupifupi 78 mwa 100 alionse amayankhula za banja la Indo-Aryan, monga Chihindi, Chibengali, Chimarathi ndi Chigujarati. Pafupifupi 20 mwa 100 amayankhula za banja la Dravidian, zomwe zikuluzikulu zake ndi Chitelugu, Chitamil, Chikannada ndi Chimalayalam, zonse za kummwera. Otsalawo ndi ochepa koma ziyankhulo zawo n'zambiri: za banja la Munda pakati ndi kummawa kwa dzikolo, za banja la Tibeto-Burman kumapiri a kumpoto chakummawa, ndi za pazilumba za Andaman.

Kodi Chihindi si ndicho chiyankhulo cha dziko lonse?

Malamulo oyendetsera dziko la India sanatchule chiyankhulo chilichonse kuti ndi cha fuko lonse. Chimene amanena n'chakuti boma lalikulu lizigwira ntchito m'Chihindi cholembedwa ndi zilembo za Devanagari, ndipo Chingerezi chimagwira nawo ntchitoyo. Chigawo chilichonse chimasankha chiyankhulo chake cha boma.

Zoona, Chihindi ndicho chachikulu. Pa kalembera wa 2011 chinali ndi anthu 528 miliyoni, pafupifupi 44 mwa 100 alionse. Koma chiwerengerochi chinameza ziyankhulo ngati Chibhojpuri ndi Chirajasthani, zomwe eni ake ambiri amati n'zoima pazokha. Chibengali chinali ndi anthu 97 miliyoni, Chimarathi 83 miliyoni, Chitelugu 81 miliyoni ndipo Chitamil 69 miliyoni. Anthu ochuluka chonchi, okhala ndi mabuku awo ndi manyuzipepala awo, sungawauze kuti asiye chawo.

N'chiyani chinachititsa boma kukhazikitsa bungweli?

Mkangano, ndipo unali wokhetsa magazi. Malamulo oyendetsera dziko atayamba kugwira ntchito mu 1950, anapereka zaka 15 kuti Chingerezi chigwire ntchito m'boma, kenako Chihindi chitsale chokha. Anthu a kummwera anaona kuti zikatero ana awo adzakhala kumbuyo pa mayeso ndi pa ntchito za boma, poti adzapikisana ndi anzawo amene Chihindi anachiyamwira kubere.

Nkhani ya ziyankhulo inali itayamba kale kuwotcha. Mu Disembala 1952 Potti Sriramulu anamwalira atasala kudya pofuna kuti oyankhula Chitelugu akhale ndi chigawo chawo, ndipo chaka chotsatira chigawo cha Andhra chinabadwa. Mu 1956 malire a zigawo zambiri anadulidwanso potsatira ziyankhulo. Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu ya India panthawiyo, analonjeza kuti Chingerezi chikhalabe malinga ngati osayankhula Chihindi akuchifuna, koma anthu sanakhutire ndi lonjezo la pakamwa. Tsiku la 26 Januwale 1965, lomwe zaka 15 zija zinkathera, litayandikira, ophunzira a m'chigawo cha Madras, chomwe lero ndi Tamil Nadu, anakhamukira m'misewu. Zipolowe zinatenga masabata angapo, apolisi anawombera anthu, ndipo ena anadziwotcha ndi moto. Pa chisankho cha 1967 chipani cha Congress chinagonja m'chigawocho kwa chipani cha DMK cha C. N. Annadurai, ndipo sichinalamulenso kumeneko mpaka lero.

Boma linabwerera m'mbuyo. Mu 1967 lamulo linasinthidwa kuti Chingerezi chipitirire, ndipo mu 1968 nyumba ya malamulo inavomereza mfundo yoti ziyankhulo zonse za pa mndandanda uja zitukulidwe pamodzi ndi Chihindi. Panafunika tsono bungwe logwira ntchitoyo. Kuliika kummwera, kutali ndi New Delhi, kunali ndi uthenga wakewake kwa anthu amene ankaopa kumezedwa.

Kodi ndondomeko ya ziyankhulo zitatu ndi chiyani?

Ndi mfundo imene inalowa mu ndondomeko ya maphunziro ya 1968, potsatira malangizo a komiti ya Kothari ya 1964 mpaka 1966. Imati mwana wa m'chigawo choyankhula Chihindi aphunzire Chihindi, Chingerezi ndi chiyankhulo china chamakono cha ku India, makamaka cha kummwera. Mwana wa m'chigawo china aphunzire chiyankhulo cha kwawo, Chingerezi ndi Chihindi. Cholinga chinali choti katunduyo asalemere mbali imodzi: wakummwera akamavutika ndi Chihindi, wakumpoto naye azituluka thukuta ndi Chitamil kapena Chikannada.

Papepala zinali bwino, koma panali funso losavuta lomwe linalibe yankho: mphunzitsi wa Chitamil pasukulu ya kumudzi ku Uttar Pradesh achokera kuti? Apa ndi pomwe CIIL inalowera.

Tsono maphunziro a aphunzitsiwo amayenda bwanji?

Bungweli lili ndi nthambi 7 zophunzitsa ziyankhulo 20. Ya ku Mysuru imaphunzitsa Chikannada, Chimalayalam, Chitamil ndi Chitelugu. Ya ku Bhubaneswar ili ndi Chibengali, Chimaithili, Chiodia ndi Chisantali, pomwe ya ku Pune ili ndi Chigujarati, Chikonkani, Chimarathi ndi Chisindhi. Ku Patiala kuli Chidogri, Chikashmiri, Chipunjabi ndi Chiurdu, ndipo ku Guwahati kuli Chiassam, Chibodo, Chimanipuri ndi Chinepali. Nthambi ziwiri zotsalazo, ya ku Solan ndi ya ku Lucknow, zimangoona za Chiurdu.

Boma la chigawo limasankha aphunzitsi amene ali kale pantchito n'kuwatumiza kwa miyezi 10. Malipiro awo saima, ndipo amalandiranso kangachepe kothandizira pa moyo wa kumaloko. Munthu amayenera kusankha chiyankhulo chimene sakuchidziwa, osati chakwawo. Maphunzirowa ali ndi magawo atatu, loyambira, lapakati ndi lozama, ndipo chakumapeto ophunzira amapita kukakhala masiku angapo pakati pa eni chiyankhulocho, kukagula zinthu pamsika ndi kucheza ndi anthu wamba. Akabwerera kwawo amayembekezeka kuphunzitsa ana chiyankhulocho. M'zaka zaposachedwa malo ena amaperekedwanso kwa omwe akukonzekera uphunzitsi ndi ochita kafukufuku.

Miyezi 10 ingakwane kuti munthu wamkulu adziwe chiyankhulo chachilendo?

Imakwana kuti ayankhule, awerenge nyuzipepala ndi kuphunzitsa ana oyamba kumene. Kulemba ndakatulo ayi. Chimene chimathandiza n'chakuti munthuyo alibe ntchito ina: m'mawa m'kalasi, masana kumvetsera ndi kubwereza mawu ojambulidwa, ndipo akatuluka panja amapeza zikwangwani ndi ogulitsa tiyi akuyankhula chomwecho.

Taganizirani mphunzitsi wa zaka 40 wochokera ku Rajasthan atafika ku Mysuru kudzaphunzira Chikannada. Kwawo amalemekezedwa, ana amaimirira akalowa m'kalasi. Kuno wagwira pensulo ngati mwana wa sitandade 1, akuzunguliza dzanja kuti atulutse zilembo zozungulira zomwe zonse zikuoneka zofanana m'maso mwake. Madzi amene moyo wake wonse wawatchula kuti paani, kuno ndi neeru. Mnzake wa chipinda choyandikana, amene akuphunzira Chimalayalam, akuti vellam, ndipo amene akuphunzira Chitamil akuseka chifukwa m'Chitamil vellam ndi madzi osefukira. Pali chomupepukira chimodzi: ziyankhulo za kumpoto ndi za kummwera, ngakhale zili za mabanja osiyana, zakhala moyandikana zaka zikwizikwi mpaka zinatengerana makhalidwe. Pafupifupi zonse zimaika mneni kumapeto kwa chiganizo ndipo zili ndi mawu otchulidwa lilime litapindikira m'mwamba, ndipo Chikannada, Chitelugu ndi Chimalayalam zinabwereka mawu ambiri ku Chisanskrit omwe mphunzitsi uja amawazindikira msanga.

Bwanji pa ziyankhulo 20 zija palibe Chihindi ndi Chisanskrit?

Chifukwa zili ndi eni ake kale. Chihindi chili ndi Kendriya Hindi Sansthan ku Agra, Chisanskrit chili ndi mayunivesite akeake, ndipo Chingerezi ndi ziyankhulo zakunja zimaphunzitsidwa ku English and Foreign Languages University ku Hyderabad. Mukachotsa Chihindi ndi Chisanskrit pa 22 za pa mndandanda, zotsala ndi 20 zomwezo. Pa kafukufuku, pa zomasulira ndi pa ntchito ya makompyuta, CIIL imagwirabe ndi Chihindi.

Kodi ndondomeko ya ziyankhulo zitatu inatheka?

Inatheka mbali imodzi. Zigawo ngati Karnataka, Kerala ndi Andhra Pradesh zinaika Chihindi m'sukulu. Zigawo zambiri za kumpoto zinapeza kanjira kachidule: m'malo mwa chiyankhulo cha kummwera, chachitatu chinakhala Chisanskrit, chomwe chimalembedwa ndi zilembo zomwezo za Chihindi ndipo ana amakhoza mayeso ake mosavuta. Tamil Nadu inakaniratu mu 1968 ndipo mpaka lero sukulu zake za boma zimaphunzitsa Chitamil ndi Chingerezi basi.

Apa ndi pomwe pali bala la ntchito ya CIIL. Mphunzitsi atha kutha miyezi 10 akuvutika ndi Chitelugu, n'kubwerera kusukulu komwe pa ndandanda wa maphunziro palibe ola la Chitelugu. Bungweli lilibe mphamvu yolamula zigawo, limangolangiza. Kwa ife, kulidzudzula chifukwa cha zimenezi kuli ngati kukalipira wosula makasu kuti munda sunalimidwe. Komabe n'zoona kuti cholinga choyambirira, choti ana a kumpoto aziyankhula ziyankhulo za kummwera, sichinafike patali.

Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2020 inasunga ziyankhulo zitatu, koma inati ziwiri mwa izo zikhale za ku India, osatchula kuti Chihindi n'chokakamiza. Inalimbikitsanso kuti ana aphunzire m'chiyankhulo cha kwawo mpaka kalasi 5, ndipo ngati n'kotheka mpaka kalasi 8. Boma la Tamil Nadu likukanabe, ponena kuti ndi Chihindi chomwecho cholowera khomo lakuseri.

Nanga ziyankhulo zazing'ono zomwe sizili pa mndandanda?

Iyi ndi ntchito imene bungweli silitchuka nayo kwambiri, koma mwina ndi imene idzakhalitse. Kuyambira m'zaka zake zoyambirira linkatumiza akatswiri kumapiri ndi kunkhalango kukalemba ziyankhulo za mitundu yomwe boma linkangoidziwa ndi dzina. Kuchokera m'maulendowa munatuluka mabuku a galamala, a katchulidwe ka mawu ndi otanthauzira mawu a ziyankhulo monga Chiao, Chiangami, Chitangkhul, Chikokborok, Chikuvi ndi Chiladakhi. M'madera ena linalembanso mabuku a ana oyambira m'chiyankhulo cha kunyumba n'kumalowetsa pang'onopang'ono chiyankhulo cha sukulu, kuti mwana asakumane ndi khoma tsiku loyamba.

Mu 2013 boma linayambitsa ndondomeko yoteteza ziyankhulo zomwe zili pangozi yotha, yodziwika ndi dzina lachidule lakuti SPPEL, n'kuipereka m'manja mwa CIIL. Inasankha ziyankhulo 117 zoyambira nazo, zomwe zili ndi anthu osakwana 10,000 kapena zomwe sizinafufuzidwepo. Chiwerengero cha 10,000 chili ndi mbiri yake. Kuyambira mu 1971, kalembera wa India satchulanso dzina la chiyankhulo chomwe chili ndi anthu ochepera pamenepa, amangochiponya m'gulu la "zina". Choncho Atoda a kumapiri a Nilgiri, kapena Atoto a m'mudzi wa Totopara ku West Bengal, omwe mtundu uliwonse uli ndi anthu pafupifupi 2,000 kapena ochepera, m'mabuku a kalembera ziyankhulo zawo sizioneka. Bungwe la UNESCO linawerengera ziyankhulo 197 za ku India kuti zili pangozi.

Kuti chiyankhulo chimathadi, chitsanzo chodziwika ndi cha mayi Boa Sr a pazilumba za Andaman, amene anamwalira mu Januwale 2010. Iwo anali munthu womaliza kuyankhula Chibo, ndipo anakhala zaka zambiri opanda woyankhula naye m'chiyankhulo chawocho.

Kafukufuku wotereyu amachitika motani?

Wofufuza amapita kumudzi ndi chojambulira mawu, kamera ndi mndandanda wa mawu ndi ziganizo. Amapeza agogo amene mano akadalipo okwanira kutchula mawu bwino, amakhala nawo pansi, n'kuyamba ndi zapafupi: dzanja, diso, moto, mayi, mvula. Liwu lililonse amalibwereza kangapo. Kenako amasintha pang'onopang'ono: dzanja langa, dzanja lako, manja athu. Ndikupita, ndinapita dzulo, sindipita. Mwa njira imeneyi malamulo a chiyankhulocho amayamba kuonekera okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa agogo amatopa, mbuzi zimalira pakati pa kujambula, ndipo nthawi zina amayankha m'chiyankhulo chachikulu cha m'deralo poganiza kuti ndicho choyenera pamaso pa mlendo wophunzira.

Mndandanda ukatha pamabwera zokoma: nthano, nyimbo zamaliro ndi zaukwati, mayina a mitengo ndi mankhwala ake, kawerengedwe ka miyezi. Zonsezi zimalembedwa, kumasuliridwa ndi kusungidwa, ndipo pamapeto pake pamatuluka mtanthauziramawu, galamala ndi mbiri ya mtunduwo.

Kulemba chiyankhulo sikuchipulumutsa. Makolo akaona kuti ntchito, chipatala ndi khoti zonse zili m'chiyankhulo china, amasiya okha kuyankhula chawo kwa ana, ndipo buku la pa shelefu ku Mysuru silingawaletse. Chimene buku limachita n'kusiyira zidzukulu poyambira zikadzafuna kubwerera.

Chiyankhulo chomwe sichinalembedwepo amachilemba ndi zilembo ziti?

Funsoli limayambanitsa anthu. Nthawi zambiri akatswiri amalangiza kugwiritsa ntchito zilembo za chiyankhulo chachikulu cha m'chigawocho, n'kuwonjezera timizere kapena timadontho pa mawu omwe mulibe, kuti mwana asaphunzire zilembo kawiri. Kumpoto chakummawa, komwe amishoni anafika kale, mitundu yambiri imalemba ndi zilembo ngati zathuzi ndipo safuna kusintha. Mitundu ina imafuna zilembo zakezake. Asantali ali ndi Ol Chiki, zomwe Raghunath Murmu anapanga mu 1925, ndipo Amanipuri anabwezeretsa m'sukulu zilembo zawo zakale za Meitei Mayek m'malo mwa za Chibengali. Katswiri atha kunena zomwe n'zosavuta kuphunzira, koma eni ake akakana, palibe chimene chimayenda.

Kodi "ziyankhulo zamakedzana" zomwe zimamveka pa nkhani za India ndi ziti?

Ndi ulemu umene boma limapereka kwa chiyankhulo chokhala ndi zolembedwa zakale kwambiri, za zaka 1,500 mpaka 2,000. Chitamil chinayamba mu 2004, Chisanskrit mu 2005, Chikannada ndi Chitelugu mu 2008, Chimalayalam mu 2013 ndipo Chiodia mu 2014. Mu Okutobala 2024 anawonjezera Chimarathi, Chipali, Chiprakrit, Chiassam ndi Chibengali, zonse pamodzi n'kukwana 11.

Ulemuwu umabwera ndi malo ochitira kafukufuku. A Chitamil anayambira mkati mwa CIIL, kenako anasamukira ku Chennai mu 2008 n'kukhala bungwe loima palokha, Central Institute of Classical Tamil. A Chikannada ali ku Mysuru, a Chitelugu anasamutsidwira ku Nellore, a Chimalayalam ali ku Tirur ndipo a Chiodia ali ku Bhubaneswar. Ntchito yawo ndi kuwerenga zolembedwa pamiyala, pamkuwa ndi pamasamba a mgwalangwa, n'kuzisindikiza ndi kuzimasulira.

Kodi bungweli limamasuliranso mabuku?

Inde, kudzera mu National Translation Mission yomwe inayamba mu 2008 potsatira malangizo a National Knowledge Commission. Vuto lomwe ankafuna kuthetsa ndi lodziwika kulikonse komwe kunali atsamunda: mwana amaphunzira sekondale m'chiyankhulo cha kwawo, akafika kukoleji amapeza mabuku onse a sayansi, zachuma ndi malamulo ali m'Chingerezi. Nthambiyi imasankha mabuku ofunika a kuyunivesite kuti amasuliridwe m'ziyankhulo 22 zija, imaphunzitsa omasulira, ndipo imasunga mndandanda wa omasulira m'dziko lonse. Ntchitoyi imayenda pang'onopang'ono, poti buku lililonse pamafunika chilolezo cha eni ake, komanso mawu a sayansi amafunika kugwirizana kaye. Ndakatulo ndi nthano zopeka si mbali yake kwenikweni, zimenezo amaziona ndi a Sahitya Akademi, bungwe loona za zolembalemba ku India.

Likuchitapo chiyani pa makompyuta ndi mafoni?

Kuti foni imve munthu akuyankhula Chimaithili, kapena kuti kompyuta imasulire Chikonkani, pamafunika mulu wa zolembedwa ndi mawu ojambulidwa zoti makinawo aphunzirirepo. Ntchito yosonkhanitsa zimenezi ili m'manja mwa nthambi yotchedwa Linguistic Data Consortium for Indian Languages, mwachidule LDC-IL, yomwe inatengera chitsanzo cha bungwe lofanana nalo la ku University of Pennsylvania. Ogwira ntchito ake amajambula amuna ndi akazi, achinyamata ndi achikulire a madera osiyanasiyana akuwerenga ziganizo, manambala ndi mayina a malo, kenako amalemba liwu lililonse molingana ndi mmene lamvekera. Mayunivesite ndi makampani amatenga zinthuzi kukapangira mapulogalamu.

Palinso Bharatavani, tsamba la pa intaneti ndi pulogalamu ya pafoni zomwe zinakhazikitsidwa mu Meyi 2016, momwe muli mabuku otanthauzira mawu, mabuku a sukulu ndi zophunzirira ziyankhulo, kuphatikizapo zazing'ono zomwe tanena pamwambapa. Musaisokoneze ndi Bhashini, yomwe ndi ntchito ya unduna wina, woona za luso la makompyuta.

Kodi CIIL ndi yunivesite?

Ayi. Ndi ofesi ya unduna, ndipo mkulu wake amasankhidwa ndi boma. Siipereka madigiri ngati yunivesite, imapereka madipuloma ndi masatifiketi a maphunziro ake a ziyankhulo, komanso imachititsa maphunziro afupiafupi ndi misonkhano ya akatswiri. Mu 2020 boma linasankha komiti yotsogozedwa ndi N. Gopalaswami kuti ione zolisandutsa yunivesite ya ziyankhulo za ku India.

Kodi ku Malawi kuli bungwe lofanana nalo?

Loyandikira kwambiri ndi Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, yomwe inayamba mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board ya 1972. Mayiko awiriwa anasankha njira zawo chaka chimodzimodzi, koma njirazo zinali zosiyana. Mu 1968, pomwe India inkavomereza kuti ziyankhulo zambiri zikulire limodzi, msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chichewa Board inkaona chiyankhulo chimodzi, pomwe Centre for Language Studies inapatsidwa ziyankhulo zonse za m'Malawi. Kusiyana kwina n'kwakuti ya kwathuyi ili pansi pa yunivesite, ndipo ilibe nthambi zotenga mphunzitsi wa ku Nsanje n'kumukhazika miyezi 10 akuphunzira Chitumbuka kapena Chikyangonde.

Munthu wochokera kunja angaphunzire chiyankhulo cha ku India kudzera m'bungweli?

Maphunziro a miyezi 10 anakonzedwera nzika za India, makamaka aphunzitsi, monga tafotokozera kale. Wakunja wofuna Chihindi amapita ku Agra, komwe Kendriya Hindi Sansthan ili ndi maphunziro a alendo. Wophunzira wa kwathu kuno amene wapeza malo pa koleji ya ku Bengaluru, Chennai kapena Hyderabad sadzafunika Chihindi kwambiri ngati mmene angafunire Chikannada, Chitamil kapena Chitelugu pokwera basi ndi pogula ndiwo. Iyeyu angayambe ndi mabuku ophunzirira omwe CIIL inalembera nthambi zake, omwe amayamba ndi zilembo ndi zokambirana zapamsika, ndipo ambiri mwa iwo akupezeka pa Bharatavani kwaulere munthu akangolembetsa dzina.